Kandeke ka Tiger Moth: chinsinsi chili mu mapiko

Komboni iliyonse mu Lusaka, kaya ni Chawama, Matero olo Kalingalinga, ili na mwana wake amene amapanga motoka za mawaya zakuti ukaziona uima. Stelingi yaitali yofika pa mimba, mawilo ya tuzitini twa polishi, na malo yoimilila kondakita yalipo. Luso ili tili nalo kuchokela kudala, palibe angatitsutse. Manje muuzeni mwana wamene uyo kuti apange ndeke. Thupi azapanga bwino, mchila uzakhalapo, pulopela izazungulila akathamanga nayo. Koma mapiko yazamuulula. Lina liyang'ana kumwamba, lina lagwela pansi, monga nkhuku yamene yapulumuka ku njinga pa msewu.

Sabata ino tikambe za mapiko. Osati ya mawaya, koma ya kandeke kofanana ndendende na ndeke yeniyeni yakale, kochepetsedwa mwa masamu, kopanda kugula zidutswa zodulidwa kale mu bokosi. Okonda masewela aya kunja amati scratch building, ndiye kuti wayamba na pepala chabe na zinthu zamene wasakila wekha. Ine niona monga nchito iyi inapangidwila ise, kaili kuyamba chinthu ulibe kalikonse m'manja ni umoyo wathu wa masiku onse.

Ndeke zakale ndiye zitiyenela. Boeing ya lelo phiko lake ni la zitsulo zopindika mbali zonse, sungalikopele na leza. Koma za m'ma 1920 na 1930 mapiko yake yanali mitengo, nsalu na mawaya, kwatha. Ni monga denga ya nyumba ya kumunzi: mitanda iwili yaitali, tumitengo topingasa, pamwamba n'kufolela. Kusiyana kwake, apa sufolela na udzu wobisa zolakwa. Ufolela na pepala olo nsalu yopyapyala, ndipo chilichonse chokhota mukati chimaonekela kunja.

Yamene nakusankhilani ni de Havilland Tiger Moth. Inauluka koyamba mu 1931 ku England, ndipo zinapangidwa zopitilila 8,000. Inali ndeke yophunzililapo. Mapailoti ambili a nkhondo yachiwili ya dziko lonse anayambila pa iyo, ena anaphunzilila pafupi pomwe apa ku Southern Rhodesia, Zimbabwe ya lelo, kwamene Britain inatsegula masukulu ya ndeke nthawi ya nkhondo. Amene munatambako filimu ya The English Patient ya mu 1996 munaiona iuluka pamwamba pa chipululu. Ija ya yelo ya mu Out of Africa si yamene iyi, ni mkulu wake, Gipsy Moth.

Mapiko yake siyapweteka mutu. Yali yanayi, yawili pamwamba na yawili pansi, ndipo lililonse m'lifupi mwake ni chimodzimodzi kuchokela pa thupi mpaka pafupi na kunsonga. Ndiye kuti tunthiti twa mukati tonse ni tofanana. Spitfire, ija ya nkhondo yamene aliyense amaikhumbila, phiko lake ni lozungulila monga tsamba, nthiti iliyonse na saizi yake. Isiyeni, izakulilitsani.

Masamu yake ni ya Grade 7. Tiger Moth yeniyeni kuchokela kunsonga ya phiko mpaka kunsonga inzake ni mamita 8.94, thupi ni mamita 7.29. Tiichepetse ka 12, zamene amalemba kuti 1:12. Gawani masentimita 894 na 12, mupeza 74.5. Thupi izabwela pa masentimita pafupifupi 61. Saizi iyi zala zilowa bwino, ndipo ikwana pamwamba pa wadilopu mu kachipinda ka lendi. Mukatsika pa 1:24 mapiko yazakhala masentimita 37 chabe, nthiti monga tuzikhadabo, leza izadya chala chanu m'malo mwa mtengo. Sungani ichi mu mutu: pa 1:12 mukaphonya mamilimita 5, pa ndeke yeniyeni mwaphonya masentimita 6. Kulibe pailoti angakwele chinthu cha so.

Musapange kuchokela pa chithunzi. Kamela imanama, imakulitsa chapafupi na kuchepetsa chakutali. Chofunika ni pulani ya mbali zitatu: pamwamba, kutsogolo na pambali. Lembani pa foni kuti Tiger Moth three view, muzapeza zambili za mahala. Pitani nayo kwa ba fotokope akukulitsileni pa mapepala angapo, mulumikize na selotepu. Musachoke pa shopu musanapime na lula. Makina ena yamakoka chithunzi mbali imodzi kuposa inzake, ndipo ngati mapiko siyanafike pa 74.5, abwezenso.

Manje chida chachikulu pa nchito yonse iyi si leza, si guluu. Ni thabwa yopangilapo. Phiko limatenga khalidwe la pamene lagona. Thabwa ikakhala yopindika, phiko lizauma lopindika, ndipo kulibe mankhwala yoliwongolela. Funani chidutswa cha ceiling board, ija yofewa yamene pini ilowa bwino. Funsani ba kalipentala a ku Kalingalinga olo ogulitsa matabwa ku Buseko, zotsala za so nthawi zambili zimangogona pansi. Kuti mudziwe ngati ni yowongoka, imikani lula ya chitsulo olo galasi ya louvre cham'mbali pamwamba pake, muyang'ane ku kuwala. Kuwala kukapita pansi, iyo ni nkhuni. Pimani m'litali, m'lifupi na mopingasa. Mukapeza yabwino muziisunga yogona, osaitsamiza ku chipupa, ndipo aliyense mu nyumba adziwe kuti apa sipoikapo poto. Yalani pulani pa thabwa, pamwamba pake pulasitiki yoonekela, olo ija ya buledi, kuti guluu isamate phiko ku pepala.

Pali msampha umodzi apa wamene umagwila olo amadala a zaka zambili mu masewela aya. Pulani zambili zimaonetsa phiko la mbali imodzi chabe. Munthu apanga loyamba, latuluka bwino, mtima wakondwa, apanganso lachiwili pa pepala yamene ija. Mailo lake akayesa pa thupi apeza ali na mapiko yawili ya kumanzele. Mankhwala yake ni kadontho ka saladi. Pakani pa pepala, izayamba kuonekela, muitembenuze, mizele izaoneka kumbuyo, ndiye phiko la kumanja limenelo. Lembani L na R na bolopeni musanadule kalikonse.

Kunja amasebenzesa balsa, mtengo wopepuka maningi wamene wambili umachokela ku Ecuador. Kuno kuupeza ni nkhondo, ndipo ukaupeza, mtengo wa mtengo wamene uyu uzakubweza kunyumba wapansi. Koma phiko lifuna mitundu iwili chabe ya zinthu: cholimba chopita m'litali, na chopepuka chopingasa.

Cholimba chija amachitcha spar, ndiye msana wa phiko. Tiger Moth yeniyeni ili na ziwili mu phiko lililonse, za mtengo wa spruce. Ise tili na nsungwi. Ng'ambani youma bwino, muipale na leza mpaka ifike mamilimita 3 olo 4 mbali zonse. Tengani pakati pa mfundo na mfundo, kaili pa mfundo ndiye pamene imakhotela. Tumitengo tuja twa nsungwi totungila nyama yowocha natonso tusebenza ngati mwapeza twatali. Poyesa, tsinzinani diso limodzi muyang'ane m'litali mwake, monga mwamene mumaonela kyu ya pool musanamenye mpila wa ndalama. Olo igubuduzeni pa galasi, yokhota izadumphadumpha. Yokhota pang'ono mungaiwongole: itentheni patali na kandulo, muipinde, muigwile mpaka izizile.

Zopingasa ndiye nthiti, zamene a ndeke amati ma rib. Ndizo zimapatsa phiko kaonekedwe kake, pamwamba pokwela monga msana wa nsomba ya bream, pansi pafupifupi powongoka. Kaonekedwe ka Tiger Moth kamatchedwa RAF 15, kopyapyala ndithu, ndipo pansi pake pali kakupindika kang'ono kamene pa 1:12 simungavutike nako. Pangani pansi powongoka kuti nthiti igone bwino pa thabwa. Iliyonse izakhala yaitali pafupifupi masentimita 11, kunenepa kosafika sentimita imodzi. Mungadule pa katoni ya bokosi ya nsapato, yomata iwili pamodzi. Mungadule pa tumbale twa fomu twa ku butchery, totsukidwa bwino kuti makoswe asabwele kuzaona ndeke usiku. Amene muli na abululu kumunzi kufupi na dambo, auzeni akutumileni chiwale chouma pa basi. Mukati mwake ni mopepuka, leza ipita monga mu sopo. Ngati kandeke ni koika pa shelefu, ine ningasankhe katoni, imalimba ndipo imalola penti iliyonse. Fomu ni ya amene afuna kuyesa kukaponya mu mphepo.

Musadule nthiti imodzi imodzi. Olo mukhale na dzanja la dokotala, nthiti 40 zodulidwa payokhapayokha zizatuluka mitundu 40. Yambani na zitsanzo ziwili zolimba, za malata ya chitini olo za lula yakale ya pulasitiki, zokwechedwa mpaka zifanane na pulani ndendende. Dulani tuzidutswa twa katoni tokulilapo pang'ono, musanje 10 olo 12 pakati pa zitsanzo zija monga polony pakati pa buledi, muboole na tumisomali tuwili, mufinye. Manje sengani mulu wonse na leza, mukweche na sandpaper mpaka mufike pa zitsanzo. Sandpaper muikulunge pa kathabwa kowongoka, osati pa chala, chala chimakumba maenje. Musanamasule mulu, tengani mpeni wa hacksaw mucheke mipata iwili yolowamo ma spar, kamodzi pa mulu wonse. Mukamasula, zonse zizakhala mapasa.

Za leza: kulungani theka lake na selotepu, muzidula mochoka ku chala, ndipo ikabuntha itayeni pamene mwana sangaitole. Leza yobuntha ndiye imang'amba katoni na kutelelekela pa khungu.

Guluu yabwino ni ija yoyela ya ba kalipentala. Niziba, super glue ili pa kantemba kalikonse ndipo igwila usanaphethile. Koma imadya fomu, pamene yamata pamathyoka msanga, ndipo siikupatsa mpata wowongola nthiti yopendekeka. Ija ya nsapato nayo imasungunula fomu. Guluu yoyela muziipaka na kamtengo ka machisa, pang'ono chabe. Yambili siilimbitsa, imangowonjezela kulema, ndipo pouma imakoka.

Pomanga, gonekani kansungwi ka kutsogolo na ka kumbuyo pa mizele ya pulani. Mapini musayabaye mu nsungwi, izang'ambika. Yabayeni mu thabwa mbali iyi na iyi, yapingasane pamwamba pake monga X. Fakani nthiti iliyonse pa mzele wake, ma spar mu mipata yake. Kuti nthiti iime chilili, itsamizeni ku bokosi ya machisa guluu isanagwile. Mukatsiliza, chokanipo. Usiku wonse, osati mpaka half time. Kunyamula phiko kuti muonetse anzanu guluu ikali yaiwisi ndiye kuliwononga.

Kunsonga kozungulila ndiye kwamene mwana wa mawaya azaseka. Dulani kaonekedwe ka nsonga pa katoni yonenepa, mupinde waya yofewa ya aluminiyamu mozungulila, nsonga zonse pa chitsanzo chimodzi. Ofuna zopepuka kuposa apo, palani tunsungwi tutatu topyapyala monga pepala, tuviikeni mu madzi yotentha, mupake guluu pakati, mutupinde pa chitsanzo chija na mapini. Mailo muzapeza uta wolimba wamene subwelela.

Mukayang'ana Tiger Moth kuchokela pamwamba, muona kuti mapiko siyapita mowongoka, yabwelela kumbuyo pang'ono. Sikuti anafuna sitayilo. Pa Gipsy Moth, mpando wa kutsogolo unali pansi penipeni pa phiko la pamwamba, wozungulilidwa na mizati. Royal Air Force inafuna kuti wokhala kutsogolo azitha kutuluka msanga na parachute yake zinthu zikavuta. Ba de Havilland anasendeza pakati pa phiko la pamwamba kutsogolo. Koma kuchita izi kunasokoneza balansi ya ndeke, ndiye anabweza nsonga za mapiko kumbuyo. Atachita izo, nsonga za mapiko ya pansi zinayandikila dothi maningi, ndiye anazikwezako. Vuto imodzi inabala inzake, ndipo kaonekedwe kamene anthu amakakonda lelo kanatuluka mwamene umo.

Kukwela kwa nsonga uku amakutcha dihedral. Kuchokela kutsogolo mapiko yaoneka monga V yotambasuka maningi, ndipo ni chamene chimathandiza ndeke kubwelela yokha pa level mphepo ikaipendeketsa. Pa Tiger Moth, ya pansi yakwela kwambili kuposa ya pamwamba. Mukayapanga yofanana, odziwa azaona pamene apo. Pa kandeke kanu, phiko lililonse mulimange logona pa thabwa, lowongoka. Kubwelela kumbuyo na kukwela konse kubwele pa nthiti yoyamba, ija yokhudza thupi. Pimani pa pulani ya kutsogolo kuti nsonga yakwela mamilimita angati, musanje makobili olo tumakatoni pansi pa nsonga mpaka mufike apo, ndiye mumate nthiti yoyamba itaima chilili. Kumanzele mukaika makobili 12, kumanja nakonso 12, ya mtundu umodzi. Za "ili che bwino, diso yanga siinama" zisiyeni ku motoka za mawaya.

Musanafolele, pimani kulema. Gonekani lula pa pensulo, phiko la kumanzele uku, la kumanja uku. Lolemela mulikweche. Kwechaninso chimango chonse mopepuka, kaili kachotupa ka guluu kamene simukaona lelo kazaoneka monga chithupsa pepala ikakoka.

Kufolela ndiye pamene mapiko yambili yamafela. Sabata yonse wamanga bwino, mu ola imodzi lapotoka monga chikanda cha mbuzi chouma pa dzuwa.

Pepala yake ni tishu, ndipo osati ya ku toilet, mwandi. Ni ija yopyapyala yokulungila nsapato zatsopano olo mphatso. Ing'ambeni pang'ono mbali ziwili. Mbali yamene ing'ambika mowongoka ndiye igone m'litali mwa phiko. Sungunulani guluu yoyela na madzi, mupake m'mbali mwa chimango chabe, kutsogolo, kumbuyo, pa nthiti yoyamba na kunsonga. Yambani pansi, mubwele pamwamba. Musakoke mwamphamvu, chotsani chabe makwinya yakulu. Guluu ikauma, tengani kabotolo kopopela madzi ka ku barbershop, muwaze kankhungu mbali zonse ziwili nthawi imodzi. Tishu izalefuka, izaoneka monga mwaononga. Musachite mantha. Pouma imakokana mpaka ilile monga ng'oma ukaigogoda na chala.

Koma mphamvu yamene ikoka pepala ndiyo ipotola chimango. Ndiye phiko likali lonyowa, libwezeni pa thabwa, pansi pake tumitengo twa machisa kuti mphepo ipite, muligwile na mapini mbali zonse. Liumile mu mthunzi. Dzuwa la October na mbaula ni adani, mbali imodzi imauma msanga n'kukoka inzake. Kunyowetsa pamwamba pokha n'kusiya pansi nakonso kumapinda phiko monga nthochi.

Ndeke zenizeni za nsalu ankazipaka dope, mankhwala ya nitrocellulose yamene yamalimbitsa nsalu na kutseka tumabowo. Manje nkhani yabwino ni yakuti Cutex yoonekela, ija ya pa zikhadabo, nayo ili na nitrocellulose. Mlongo wanu mumupemphe, osamubela. Isungunuleni na acetone, mupake kawili mopyapyala. Pa mapiko yanayi tumabotolo tuzatha tungapo, ndiye clear lacquer ya ku hardware yosungunula na thinners ingachipe. Zonse ziwili zimadya fomu. Ngati nthiti zanu ni za fomu, pakani guluu yoyela ya madzi ambili olo vanishi yosungunuka na madzi. Ndipo ichi nikamba mosaseka: acetone na thinners zimagwila moto msanga maningi. Malaiti yakapita, musati niyatse kandulo nitsilize. Pakani panja, masana. Nthawi ya mvula lacquer imayela monga mkaka chifukwa cha chinyezi, ndiye dikilani tsiku louma. Mukapaka, phiko libwelelenso pa thabwa na mapini yake.

Ofuna kuti kaoneke ka nsalu zoona, pitani kwa ba telala mupemphe zotsala za lining ya polyester, ija yopyapyala ya mukati mwa jekete. Imakokana pang'ono ukaipitisa aini yosatentha kwambili, ndipo okonza ndeke zakale masiku ano amasebenzesa nsalu ya polyester yokokedwa na aini mwamene umo. Koma ifuna chimango cholimba, ya fomu izasungunuka, ndipo aini ya malasha musaiyese n'komwe.

Pa ndeke yeniyeni nsalu amaisokela ku nthiti iliyonse, pamwamba pa msoko n'kumata kansalu kopyapyala. Ndiyo mizele yamene muona pa zithunzi. Dulani tumizele twa tishu twa mamilimita 4, mumate pa nthiti iliyonse musanapake penti. Ni nchito yotopetsa, koma ndiyo imachotsa kandeke pa gulu la zidole. Kumbukilaninso kuti ma aileron, tuzitseko tuja twa kumbuyo kwa phiko topendeketsela ndeke, pa Tiger Moth tuli pa mapiko ya pansi chabe. Pakati pa mapiko ya pamwamba pali thanki ya mafuta ya mizele monga malata ya denga. Ipangeni na chitini cha drink, mizele muilembe na bolopeni yakutha inki, motsatila lula.

Kuika mapiko ya pamwamba pa malo yake kumafuna manja yanayi, ndipo imwe muli na yawili. Musalimbane nazo m'mwamba. Dulani makatoni yawili yonenepa, pa iliyonse mujambule kuchokela pa pulani ya pambali pamene phiko la pansi na la pamwamba yakhalila, muboole mipata, mulowetse mapiko. La pamwamba lili patsogolo pa la pansi, ndipo makatoni aya ndiye yazasunga mpata uwo mbali zonse ziwili. Mapiko yali mukati mwamene umo, pimani mizati, muidule, muimate. Guluu ikauma, jubani makatoni muyachotse.

Chotsala ni mawaya yopingasana pakati pa mapiko, ndipo siyokongoletsa. Yochokela pansi pa thupi kupita pamwamba pa mizati ya kunja yamagwila mapiko kuti yasapindikile kumwamba ndeke ikauluka. Yochokela pamwamba pakati kutsikila pansi pa mizati yamene iyo yamanyamula mapiko ndeke ikatela. Twaini yopyapyala yowedzela nsomba ndiye yabwino. Boolani na singano, mulowetse, mugwile na kadontho ka super glue, apa ndiye pa nchito yake. Ikakhala yolefuka, yatsani koilo ya udzudzu, muiyandikitse pang'onopang'ono. Kutentha kuzaikoka yokha, muzaona yangoti nga. Mukayandikitsa maningi izaduka. Chitani waya wa kumanzele, kenako mnzake wa kumanja, mosinthana, kuti mbali imodzi isakoke ndeke yonse.

Ena muzafunsa ati zonse izi n'zodyela? Pitani ku Kabwata Cultural Village olo pa maketi ya pa Sondo ku Arcades muone. Njinga za mawaya, motoka za zitini na tundeke twa mawaya vilipo, ndipo wogula amatsitsa mtengo kaili tebulo yotsatila ili na chofanana. Tiger Moth ya 1:12 yolondola ilibe mnzake pa tebulo yotsatila. Koma wogula chinthu cha so nthawi zambili ni munthu wodziwa ndeke, ndipo sayamba na penti. Amaigwila kutsogolo kwa nkhope, atsinzina diso limodzi, ayang'ana mapiko. M'mbali mwa kumbuyo mukaoneka mbali imodzi kuposa inzake, aibweza pa tebulo, akuuzani ati ni yabwino, apita. Yesani imwe mwekha mwamene umo musanachoke nayo panyumba. Ndipo polemba mtengo, welengani maola yamene mwasebenza, osati mtengo wa nsungwi.

A ku sukulu, iyi ni pulojekiti ya JETS yokwana, yokhala na masamu na sayansi yake. Ndipo ku ZASTI, pa Kenneth Kaunda International Airport, kwamene amaphunzitsa okonza ndeke, mawu ya spar, rib na dihedral ni yamene aya, kuwelenga pulani ya mbali zitatu ni kwamene uku.

Amene Tiger Moth izakukomelani, pali ina yamene ili na mbili na dziko lino. Mu 1920, Pierre van Ryneveld na Quintin Brand a ku South Africa ananyamuka ku England kupita ku Cape Town pa ndeke ya Vickers Vimy. Yoyamba, Silver Queen, inaonongeka pa njila. Yachiwili, Silver Queen II, inapita muno mwathu, inatela ku Abercorn, Mbala ya lelo, ku Ndola na ku Livingstone, isanagwe ponyamuka ku Bulawayo mu March. Ulendo anautsiliza na ndeke yachitatu. Vimy ili na mainjini yawili, mizati yambili na mawaya monga ukonde wa kangaude, ndipo mapiko yake ni mamita 20.75. Pa 1:24 ni masentimita 86. Pa 1:12 ni 173, ndiye musanadule nsungwi, yambani mwakambilana na ba landlord.